Kodi mayi wa mu Tom and Jerry nkhope yake inapita kuti?

Loweruka lina ndinapita ku Tembisa kukacheza kwa mlongo wanga. Magetsi anali atazima, choncho ana anayi anaunjikana pakhomo, mitu itagundana, maso onse ali pa foni imodzi. Ankaonera Tom and Jerry, makatuni akale aja a mphaka amene amalephera kugwira khoswe ngakhale ayesetse chotani. Ankaseka mpaka kugwira nthiti. Kenaka wamng'ono pa onsewo, mtsikana wa zaka 8, anatembenuka n'kufunsa kuti, "Amalume, mayi awa alibe mutu?"

Ndinasuzumira. Zoonadi, panali mayi wina wakhungu lakuda, wonenepa, atavala epuloni ndi masilipasi, tsache lili m'manja, akukalipira Tom. Miyendo inkaoneka, manja ankaoneka, mawu ankamveka bwinobwino. Koma chithunzi chinkathera m'mapewa.

Ndinachita manyazi pang'ono. Ine makatuni amenewa ndinawaonera kambirimbiri ndili mnyamata, m'tinyumba ta vidiyo kwathu ku Malawi, ndipo funso limeneli silinabwerepo m'mutu mwanga. Ana inu, sendezani mipando, tiliyankhe limodzi.

Tiyambe ndi kudziwa kuti katuni sagwa kumwamba ngati mvula. Amachita kujambulidwa. Pa sekondi imodzi ya filimu pamadutsa zithunzi 24, mofulumira kwambiri moti diso limanamizika n'kuona ngati mphaka akuthamangadi. Kale zithunzi zimenezi ankazijambula pamanja. Filimu ya Snow White, imene kampani ya Disney inatulutsa mu 1937, inatenga pafupifupi zaka zitatu ndiponso akatswiri mazanamazana. Lero kompyuta imathandiza, komabe chilichonse chimene mukuona, kaya ndi mphuno, kaya ndi mtundu wa khungu, kaya ndi amene wagwira tsache, pali munthu wina amene anakhala patebulo n'kusankha kuti zikhale choncho. Mu filimu ya anthu enieni, wosewera amabwera ndi mphuno imene anabadwa nayo. M'katuni mulibe changozi.

Tsopano, munaonapo anthu akuumba njerwa? Ngati simunaone, mukadzapita kumudzi pa holide mudzayang'anitsitse. Woumba amaponda dothi, n'kuliponya m'chikombole, n'kukhuthula pansi. Njerwa yoyamba, yachiwiri, ya 1,000, zonse zimatuluka zofanana. Pa njerwa zimenezi n'zabwino, chifukwa khoma limawongoka. Vuto limabwera pamene munthu watenga chikombole n'kuyamba kuumbira anthu: atsikana onse akhale otere, anthu akuda onse akhale otere, nkhalamba zonse zikhale zotere. Pa Chingerezi amati stereotype. Mawuwa anachokera kwa osindikiza mabuku zaka zoposa 200 zapitazo, ndipo ankatanthauza chitsulo chimene chinkadinda tsamba limodzimodzi mobwerezabwereza. Ife pano tizingoti chikombole.

Ojambula amachikonda chikombole chifukwa n'chachidule. Mukafuna kuti woonera adziwe msanga kuti uyu ndi mtsikana, tengani Mickey Mouse, muwonjezere nsidze zazitali, kasiketi ndi riboni, basi mwapanga Minnie. Taonani zimene zachitika pamenepa. Mnyamata ndiye akuoneka ngati munthu wamba, ndipo mtsikana akuoneka ngati mnyamata yemweyo amene amuveka zokongoletsa.

Tibwerere kwa mayi wopanda mutu uja. Anthu amamutchula kuti Mammy Two Shoes. Anayamba kuoneka mu 1940, m'katuni woyamba weniweni wa Tom and Jerry, ndipo anasiya mu 1952. Mawu ake ankalankhula ndi mayi wakuda wa ku America, dzina lake Lillian Randolph. Koma chikombole chimene anaumbiramo mayiyu n'chakale kuposa makatuni. Chinachokera m'nthawi ya ukapolo, umene ku America unatha mu 1865. Azungu ambiri a kumeneko ankakonda kujambula mayi wakuda ali wonenepa, wakukhitchini, wolera ana a bwana, wokondwa nthawi zonse, ngati kuti iye alibe ana ake, alibe kwawo, alibe chimene amalakalaka. Munthu wotere nkhope ndi yachiyani? Chofunika kwa bwana ndi manja ogwira tsache. Anthu akuda a ku America anadandaula kwambiri ndi zithunzi zoterezi, ndipo patapita zaka, eni makatuniwo anafika pojambulanso zigawo zina n'kuikapo mayi wachizungu.

Apa ndikufuna mundimvetse, chifukwa nkhaniyi yatifika pakhomo. Amayi ndi azakhali a ambiri a inu amadzuka kusanache ku Tembisa, ku Daveyton kapena ku Katlehong, n'kukwera takisi kukagwira ntchito m'nyumba za ku Edenvale, ku Kempton Park ndi ku Bedfordview. Ntchito imeneyi si yochititsa manyazi. Ndiyo imagula yunifolomu yanu, ndiyo ikumanga nyumba ya malata ku Mangochi kapena ku Mzimba. Tsache silinalakwe. Chimene ojambula aja analakwa n'kudula nkhope. Inu mukudziwa kuti amayi anu ali ndi dzina, amaimba kwaya, amasunga ndalama za gulu la amayi anzawo, amadziwa nthabwala zimene zimaseketsa nyumba yonse. Ndiye mukamva wina kuno ku Joni akunena kuti Amalawi onse ndi ogwira ntchito m'maluwa, dziwani kuti wanyamula chikombole. Ngakhale atanena ngati akutiyamikira, kuti Amalawi ndi ofatsa, sakana ntchito, chikadali chikombole. Alipo Amalawi ogwira m'maluwa, aliponso manesi, aphunzitsi, matelala, oyendetsa mathiraki, ndipo aliponso aulesi ndi aukali, monga zilili ndi mtundu wina uliwonse.

Mayi uja sanali yekha. Mu filimu ya Dumbo ya mu 1941, ya kamwana ka njovu ka makutu aakulu, muli akhwangwala amene amalankhula ndi kuvina motsanzira anthu akuda, ndipo mtsogoleri wawo ojambula anamupatsa dzina loti Jim Crow. Dzinali lili ndi mbiri yowawa. Cha m'ma 1830 mzungu wina ankadzipaka zakuda kumaso n'kumavina monyoza anthu akuda, akudzitcha Jim Crow. Pambuyo pake dzina lomwelo linakhala la malamulo olekanitsa akuda ndi azungu m'sukulu, m'mabasi ndi m'malo odyera, ofanana ndi malamulo a tsankho amene munaphunzira kusukulu kuti anali kuno mpaka ufulu wa mu 1994. Mu Fantasia ya mu 1940 munali zolengedwa zina, kumtunda atsikana, kumunsi akavalo. Zoyera zinkadzikongoletsa, pamene kakuda kankazipukuta ziboda. Chigawo chimenechi anachidula mu 1969. Ndipo mu 2020 a Disney anaika chenjezo kumayambiriro kwa mafilimu monga Dumbo ndi Peter Pan, kuvomereza kuti mmene anajambulira mitundu ina ya anthu munali molakwika.

Nthawi zina chikombole chimaoneka pa munthu amene palibe. Filimu ya Tarzan ya mu 1999 yonse imachitikira m'nkhalango ya mu Africa. Muli anyani akuluakulu, muli njovu, muli kambuku, muli azungu ochokera ku England. Tawerengani anthu akuda. Mulibe ngakhale mmodzi. Mwana wa ku Japan kapena ku Canada akaonera zimenezi angaganize kuti kuno kuli mitengo ndi nyama zokhazokha. Sangalote n'komwe kuti kuli Kempton Park, kumene ndege zimatera usana ndi usiku pa bwalo la OR Tambo.

The Lion King ya mu 1994 ndimaikonda, ndisakunamizeni. Mawu amphamvu aja oyambirira, a Chizulu, anaimba ndi Lebo M, mwana wa ku Soweto. Koma ngakhale chinthu chimene umachikonda ukhoza kuchiyang'anitsitsa. Mufasa, mfumu yabwino, ndi wowala ngati dzuwa la m'mawa. Scar, woipa uja, ndi woderapo, ndipo ubweya wa m'khosi mwake ndi wakuda bii. Afisi amakhala kumdima, ndipo anthu ena anadandaula kuti kalankhulidwe kawo kakufanana ndi ka anthu a m'madera osauka a m'mizinda ya ku America. Ena amatsutsa, amati nanga Mufasa amene, mawu ake si a James Earl Jones, munthu wakuda? Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Ine ndimaona kuti filimu imodzi payokha si mlandu. Mlandu umayamba pamene filimu iyi, ndi iyo, ndi inayo, zonse zikubwereza kuti chowala n'chabwino, chakuda n'choopsa, mpaka mwana n'kuyamba kukhulupirira popanda womuuza.

Nkhani ya mawu imakhudzanso munthu wa kuno kwathu ku Ekurhuleni. Charlize Theron, amene anabadwira ku Benoni, ndiye amalankhula mawu a nyani mu Kubo and the Two Strings ya mu 2016. Filimuyo ndi yokongola zedi, koma nkhani yake ndi ya ku Japan, ndipo anthu anafunsa chifukwa chimene mbali zikuluzikulu anazipereka kwa azungu pamene osewera achijapani alipo.

Tisaloze chala azungu okha. Nafenso tili ndi zikombole zathu. Agogo akati "Padangotelo", inu n'kuyankha kuti "Tili tonse", mumadziwiratu kuti Kalulu achenjera ndipo Fisi apusa chifukwa cha dyera. Koma akatswiri a nyama amene akhala zaka akutsatira afisi amawangamawanga anapeza kuti ndi nyama zanzeru, zimene zimasaka zokha chakudya chawo chambiri, ndipo gulu lawo amatsogolera ndi fisi wamkazi, amenenso amakhala wamkulu thupi kuposa wamwamuna. Fisi akanadziwa njira ya kwa amfumu, bwenzi atakatisumira kalekale.

Za Fisi tikhoza kuseka, koma pali chikombole china chosaseketsa. Mu Snow White, mfumukazi yoipa ikafuna kuchita zoopsa imasanduka nkhalamba yokhota msana, ya mphuno yaitali. Makatuni ambiri amatero: mfiti ndi gogo wamkazi. Ku Malawi maganizo amenewa avulaza anthu enieni. Agogo ena amenyedwa, ena athamangitsidwa m'midzi yawo, chifukwa choti wina wawanena kuti ndi mfiti, chikhalirecho lamulo la dzikolo limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Imvi si ufiti, ana inu. Chimodzimodzinso mayi wopeza. Cinderella ya mu 1950 inatiphunzitsa kuti ameneyu ndi wankhanza basi, koma ambiri a inu mukuleredwa bwino ndi amayi okupezani, ndipo palibe amene anawajambulira katuni.

Tiyeni tione za atsikana. Mumawadziwa ma Smurfs, tianthu tabuluu tija tokhala m'nyumba za bowa? Tilipo pafupifupi 100, ndipo aliyense ali ndi chimene amadziwika nacho: wina ndi wanzeru, wina ndi wokwiyakwiya, wina ndi mmisiri, wina ndi wophika. Onsewo ndi amuna. Kwa nthawi yaitali mtsikana anali mmodzi yekha, Smurfette, ndipo chimene ankadziwika nacho n'choti ndi mtsikana, basi. Mbiri yake ndiye yodabwitsa. Anamuumba ndi Gargamel, mdani wawo, kuti akasokoneze mudzi, ndipo pa nthawiyo tsitsi lake linali lakuda. Atasandulika kukhala wabwino, tsitsi linasanduka lachikasu ngati la mzungu. Nkhani imeneyi inatuluka koyamba mu 1966. Mwina mukuti n'zakale. Nanga Paw Patrol, imene inayamba mu 2013? Tiagalu toyamba tinali 6, ndipo kakakazi kanali kamodzi, Skye, kovala pinki.

Akatswiri awiri a zilankhulo a ku America, Carmen Fought ndi Karen Eisenhauer, anachita chinthu chimene inunso mungathe: anakhala pansi n'kuwerenga kuti ndani akulankhula kwambiri m'mafilimu a Disney onena za ana aakazi a mafumu. Zimene anaulutsa mu 2016 zinadabwitsa anthu. Mu The Little Mermaid, pa zolankhula 100 zilizonse, 68 zinali za amuna. Mu Mulan, 77. Ngakhale mu Frozen, nkhani ya mtsikana ndi mng'ono wake, amuna anatenga 59. Dzina pachikuto ndi la mtsikana, koma pakamwa pali anyamata.

Mwana wamkazi wa mfumu woyamba wakhungu lakuda kwa Disney anali Tiana, mu 2009, patatha zaka 72 chitulukire Snow White. Ndi mtsikana wolimbikira ntchito, wosunga ndalama kuti adzatsegule malo ake odyera. Atsikana akuda anakondwa kwambiri. Koma atakhala pansi kuti amuonere, anapeza kuti mbali yaikulu ya filimuyo Tiana ndi chule wobiriwira.

Pamene makatuni akale ankajambula mwana wa mfumu wa m'chiuno mowonda ngati mavu, wongodikira kuti wina adzamupulumutse, atsikana enieni ankachita zina. Charlene Wittstock anabadwira ku Bulawayo, anakulira ku Benoni konkuno, ndipo mu 2000 anasambirira dziko la South Africa pa masewera a Olympics ku Sydney. Mu 2011 anakwatiwa ndi Prince Albert wa ku Monaco, ndiye kuti mfumukazi yeniyeni inabwera ndi mapewa a katswiri wosambira. Nanga Tabitha ndi Temwa Chawinga, ana a ku Rumphi amene akugwedeza maukonde ku Ulaya ndi ku America? M'chikombole chiti mungawalowetse? Anyamata, nanunso musaganize kuti mwapulumuka. Chanu chimati mwamuna salira, saopa, ndipo vuto lililonse amalithetsa ndi chibakera. Chimenecho n'chothina ngati nsapato ya chaka chatha.

Wina afunsa kuti, "Amalume, si zojambula chabe izi? Zingapweteke ndani?" M'zaka za m'ma 1940, akatswiri awiri akuda a ku America, Kenneth Clark ndi mkazi wake Mamie, ankaonetsa ana akuda zidole zofanana zonse kupatula khungu, n'kuwafunsa kuti chabwino n'chiti. Ana ambiri ankaloza choyera. Palibe amene anawakakamiza. Anali ataphunzira kuchokera ku zonse zowazungulira kuti khungu lawo ndi lotsika. Zimene anapezazi zinathandiza pa mlandu waukulu wa mu 1954, pamene khoti lalikulu la ku America linaletsa kulekanitsa ana m'sukulu potengera khungu. Sindikunena kuti makatuni okha ndiwo anachita zimenezo. Koma dontho limodzilimodzi limadzaza mtsuko, ndipo katuni ndi dontho limene limagwa tsiku lililonse. Kufupi ndi kuno, ku Pretoria, mu 2016 atsikana a pa Pretoria High School for Girls anachita zionetsero pokana kuuzidwa kuti tsitsi lawo lachibadwa n'losalongosoka. Mmodzi wa iwo, Zulaikha Patel, anali ndi zaka 13 zokha.

Ndiye tisiye kuonera makatuni? Ayi ndithu. Ine Tom akagwa m'mphika ndimasekabe. Chimene chikundisangalatsa n'choti cholembera chayamba kusintha manja.

Ku Zambia kunali mtsikana wina, Malenga Mulendema, amene anakula akuonera makatuni n'kumadabwa kuti bwanji ngwazi zonse sizifanana naye. Atakula analemba nkhani yake, ndipo mu 2015 inasankhidwa pa mpikisano wa kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Mu July 2023 inatuluka pa Netflix ndi dzina loti Supa Team 4. Ndi nkhani ya atsikana anayi a sukulu, Komana, Monde, Temwe ndi Zee, amene amapulumutsa mzinda wa Lusaka wa m'tsogolo, homuweki ikuwadikira. Tamvani mainawo, ngati a anzanu a m'kalasi. Amasiyana matupi, tsitsi ndi mtima, moti palibe amene ntchito yake ndi kungokhala mtsikana. Amene analemba zigawo zake onse ndi amayi a mu Africa. Ndipo mukudziwa amene amawatsogolera? Mama K, mayi wachikulire amene kale anali kazitape. Gogo uja amene makatuni akale akanamupatsa mphuno ya mfiti, pano ndiye mkulu wa asilikali.

Mu 2023 momwemo kunatuluka Kizazi Moto, timafilimu 10 topangidwa ndi akatswiri a ku South Africa, Zimbabwe, Kenya, Uganda, Nigeria ndi Egypt, ndipo mu 2024 kunabwera Iwájú, yochitikira ku Lagos. Kunjanso zinthu zikuyenda. Spider-Man wa mu katuni wa 2018 ndi Miles Morales, mnyamata wakhungu lakuda. Kafilimu kakafupi kotchedwa Hair Love, konena za bambo amene akuphunzira kukonza tsitsi la mwana wake wamkazi, kanapata mphoto ya Oscar mu 2020.

Musaganize kuti zimenezi zimafuna chuma chambiri nthawi zonse. Ku Harare, mu 2003, anthu anatulutsa filimu yathunthu yotchedwa The Legend of the Sky Kingdom, ndipo anthu ake onse anawapanga ndi zotayidwa, monga mawaya ndi zitini. Ankasuntha kachidole pang'ono, n'kujambula, n'kusunthanso, n'kujambulanso. Aliyense wa inu amene anapindapo galimoto ya mawaya wayamba kale ntchito imeneyi.

Ndikupatseni ntchito, koma yopanda mayeso. Madzulo ano, poonera katuni amene mumamukonda, khalani ndi pepala ndi pensulo. Werengani atsikana, werengani anyamata. Lembani amene akulankhula kwambiri, amene akupulumutsa anzake, ndi amene akusesa. Ngati m'katunimo muli munthu wakhungu lakuda, onani ngati ali ndi dzina ndiponso ngati akhalabe munthu mpaka filimu ithe. Mukatero tengani kope lakale, ndipo pakona ya tsamba lililonse jambulani mayi uja wa epuloni, akusuntha pang'onopang'ono, kuti mukamatembenuza masambawo mofulumira ndi chala aziyenda. Koma inu muyambire kumutu. Mumupatse maso, mumupatse tsitsi limene mukufuna, ndipo pansi pake mulembe dzina lake.